Lamulo liyang'ane mumphika, osati makoma a khitchini

M'chaka cha 2011 nyuzipepala ya Los Angeles Times inalemba nkhani yoyamikira Mark Stambler, bambo amene ankaphika buledi kunyumba kwake n'kumakamugulitsa kudzera m'masitolo a mumzindawo. A zaumoyo nawonso anaiwerenga nkhaniyo, ndipo posakhalitsa anafika n'kuletsa malondawo. Sanaletse chifukwa choti bulediyo anamupeza ndi vuto. Mlandu unali malo amene ankaphikidwira, chifukwa pa nthawiyo lamulo la m'chigawo cha California silinkalola kugulitsa chakudya chochokera m'khitchini ya pakhomo. Phungu wina dzina lake Mike Gatto anaitola nkhaniyo, lamulo latsopano linasainidwa mu 2012, ndipo kuyambira mu Januwale 2013 ophika buledi, makeke ndi jamu kunyumba analoledwa kugulitsa poyera. Zigawo zina za dziko la America zinali zitalola kale, zina zinatsatira, ndipo New Jersey ndiye anali womaliza kulola mu 2021.

Nkhani ya malamulo a chakudya cha pakhomo ikabuka, anthu amakonda kugawikana pawiri. Ena amati boma lisalowerere, munthu akuphika m'nyumba mwake ndipo wogula sanakakamizidwe. Ena amati chakudya ndi moyo, choncho aliyense wogulitsa akhale ndi khitchini yofanana ndi ya hotela, apo ayi asiye. Ine mbali zonse ziwirizi ndimaziona zaulesi, chifukwa zikukangana za nyumba pamene chodwalitsa anthu chili mumphika. Lamulo labwino liyenera kuyamba ndi funso lakuti ukuphika chiyani, kenako n'kulemera kapena kupepuka malinga ndi yankho lake.

Ndiyambe ndi anzanga ophika, amene ambiri amanena mawu amodzimodzi: "Ana anga akulira chakudya chomwechi, palibe anadwalapo." Mwina n'zoona. Koma ukalandira ndalama zinthu zimasintha. Wa m'banja mwako amaona pamene waika nyama, amadziwa ngati mphaka amakwera patebulo, amadziwa tsiku limene unaphika. Wogula saona chilichonse. Walamula pa WhatsApp kapena pa Facebook, chakudya chafika chokutidwa bwino, ndipo chimene wagula kwenikweni ndi chikhulupiriro. Komanso sukudziwa amene akadye. Mwina ndi mayi woyembekezera, mwina ndi agogo, mwina ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chinatsika. Kachilombo kamene kwa iwe kangakutsegule m'mimba tsiku limodzi, kwa iwowa kangawagoneke m'chipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera mu 2015 kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Ziwerengerozi si za ogulitsa kunyumba okha, koma zikutikumbutsa kuti matenda a m'chakudya si nthabwala ya kuchimbudzi. Walira mvula walira matope: wafuna makasitomala, walandiranso udindo wa mimba zawo.

Ndiye n'chiyani chimene chimachititsa chakudya china kukhala choopsa kuposa chinzake? Mabakiteriya amafuna zinthu zochepa kuti aswane: chinyezi, chakudya chopanda asidi wambiri, kufunda, ndi nthawi. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene amasangalala, ndipo zikawayendera bwino ena amachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kabakiteriya kamodzi kangathe kupitirira 2 miliyoni m'maola 7. N'chifukwa chake a WHO amalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, kuti chozizira chisungidwe pansi pa madigiri 5, chotentha pamwamba pa 60, ndipo pophika nyama kutentha kufike madigiri 70 mpaka m'kati.

Tsopano taganizirani buledi, mabisiketi kapena keke wopanda kirimu. Zapsa mu uvuni, zatuluka zouma, ndipo mabakiteriya oopsa alibe madzi okwanira oti aswaniremo. Zikakhalitsa zimauma gwa kapena kuchita nkhungu, ndipo wogula amaona ndi maso ake. Jamu wa zipatso zowawasa amatetezedwa ndi shuga komanso asidi. Zakudya zoterezi ngakhale zitaphikidwa m'khitchini yopapatiza, mwayi woti zigoneke munthu m'chipatala ndi wochepa kwambiri. Koma keke yemweyo mukamupaka kirimu wa mkaka kapena kasitadi wa mazira, wasanduka chinthu china. Akufuna firiji kuyambira pamene wapangidwa mpaka pamene akudyedwa, kuphatikizapo ulendo wonse wopita kwa kasitomala, ndipo ulendowo ndi umene ophika ambiri sauwerengera.

Mpunga ndi umene umapusitsa anthu kwambiri, chifukwa umaoneka wosalakwa. Muli bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus amene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukapsa n'kusiyidwa pamtunda kuti uzizire pang'onopang'ono, njerezo zimadzuka, zimaswana, n'kutulutsa poizoni amene safa ngakhale mutautenthetsanso. Chimodzimodzi ndi Staphylococcus aureus, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi labwinobwino. Akagwera m'chakudya kuchokera m'manja n'kupatsidwa maola angapo, poizoni wake sachoka ndi moto. Choncho chizolowezi choti "tingotenthetsa bwinobwino" chimapha tizilombo koma n'kusiya chimene tizilomboto tinasiya.

Apa ndi pamene kuchuluka kwa chakudya kumalowerera, ndipo ndi mfundo imene ophika odziwa ntchito yawo amaiphonya chifukwa luso lawo analiphunzirira pa miphika yaing'ono. Poto wa anthu asanu amazizira msanga. Poto wa anthu 60 amasunga kutentha pakati pake kwa maola ambiri, ngakhale mutamulowetsa m'firiji, ndipo firiji ya pakhomo siinapangidwire katundu wotero: imafunda yonse, n'kuika pangozi mkaka ndi nyama zimene zinali kale m'katimo. Malamulo a chakudya a ku America amafuna kuti chophika chitsike kuchoka pa madigiri 57 kufika pa 21 m'maola awiri, kenako kufika pa 5 m'maola ena anayi. Kuti zimenezo zitheke pamafunika kugawa chakudyacho m'ziwiya zosaya, osati kuchisiya mumphika waukulu usiku wonse. Munthu angaphike bwino zaka zambiri osamvapo zimenezi, chifukwa pakhomo sizinafunikepo.

Choopsa kuposa zonse ndi zakudya zotsekeredwa m'mabotolo ndi m'zitini. Bakiteriya wa Clostridium botulinum amakonda malo opanda mpweya komanso opanda asidi, ndipo poizoni wake amapha ziwalo mpaka munthu kulephera kupuma. Njere zake sizifa m'madzi owira wamba. Pamafunika poto wotsekera nthunzi amene amakweza kutentha kufika pafupifupi madigiri 120. Malire amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi 4.6 pa muyezo wa kuwawasa wotchedwa pH: chakudya chowawasa kuposa pamenepo bakiteriyayu sakulamo, koma ndiwo zamasamba, nyama, nsomba, ngakhale adyo woviikidwa m'mafuta, zili mbali yoopsa. Mu 2015 ku Ohio, ku America, anthu oposa 20 anadwala ndi poizoni ameneyu pa chakudya cha pa tchalitchi, ndipo panachitika maliro. Gwero lake linali mbatata za kachewere zimene munthu wina anazisunga yekha m'mabotolo kunyumba pogwiritsa ntchito madzi owira m'malo mwa poto wa nthunzi. Sanali kugulitsa n'komwe, anangobweretsa mwachikondi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo botolo lotere nthawi zina silinunkha kapena kusintha mtundu.

Ndafotokoza zonsezi motalika kuti zioneke kuti mzere wolekanitsa chakudya choopsa ndi chosaopsa ulipo, ndi wodziwika, ndipo sudutsa pakhomo la nyumba. Malamulo ambiri a ku America okhudza chakudya cha pakhomo anatsata mzere umenewu. Ali ndi mndandanda wa zakudya zosafuna firiji zimene munthu angagulitse atangolembetsa, ndipo zofuna firiji kapena zotsekera m'mabotolo opanda asidi amazichitira mwina. Ku California anawonjezera kusiyanitsa kwina kwanzeru. Wogulitsa mwachindunji kwa wodya amangolembetsa n'kusaina kuti akutsatira malamulo a ukhondo, pamene wogulitsa kudzera m'masitolo amayenera kuyenderedwa kaye. Zili choncho chifukwa chakudya chikadutsa m'manja ambiri, wodya amatalikirana ndi wophika ndipo sangathenso kumufunsa funso.

Nanga lamulo likakana kusiyanitsa, n'kunena kuti aliyense akhale ndi khitchini yapadera, masinki angapo, matailosi mpaka kudenga ndi chiphaso chodula, chimachitika n'chiyani? Anthu sasiya kuphika. Mayi amene akulera ana ali pakhomo, munthu amene ntchito yamuthera, wopuma pa ntchito amene penshoni yake siikwana, onsewa alibe mpamba womangira khitchini yachiwiri, ndipo akanakhala nawo sakanayambira pakhomo. Amangopitiriza mobisa. Wogulitsa mobisa salemba dzina lake pa paketi, sapita ku maphunziro a ukhondo kuopa kudziulula, safunsa a zaumoyo funso lililonse, ndipo kasitomala akadwala amasintha nambala ya foni. Kumene oyendera ali ndi manja aatali, lamulo losatheka kulitsata limasanduka msika wa ziphuphu. Opanga lamulo amagona tulo poganiza kuti ateteza anthu, pamene chimene achita ndi kuzimitsa nyali.

Ndipo tisanamizane kuti makoma owala ndi chitetezo. Mliri waukulu kwambiri wa matenda a m'chakudya otchedwa listeriosis umene unalembedwapo unachitika ku South Africa mu 2017 ndi 2018. Anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda, ndipo akuluakulu a zaumoyo analoza fakitale yaikulu yopanga poloni ya ku Polokwane. Sindikunena izi pofuna kuyeretsa ophika kunyumba, ayi. Ndikungoti fakitale ikalakwitsa imadwalitsa dziko lonse, pamene wophika pakhomo akalakwitsa amadwalitsa anthu owerengeka. Oyendera ndi ochepa kulikonse, ndipo nthawi yawo iyenera kupita kumene ngozi ili yaikulu, osati kukasaka munthu wa mabisiketi.

Pali zinthu zimene sindingalole kuti wogulitsa aliyense azembe, ngakhale wa mabisiketi yemweyo. Choyamba ndi kulembetsa. Ku Britain munthu wofuna kugulitsa chakudya, ngakhale kuchokera m'khitchini ya kunyumba, amayenera kulembetsa ku khonsolo ya dera lake kutatsala masiku osachepera 28 kuti ayambe. Kulembetsako n'kwaulere ndipo khonsolo singakukane. Pambuyo pake oyendera amabwera, ndipo ku England, Wales ndi Northern Ireland amapereka malikisi a ukhondo kuyambira 0 mpaka 5. Chimene ndimachikonda apa ndi ulerewo. Boma likaika mtengo pa kulembetsa, likugulitsa chinthu chimene ilo lomwe likuchifuna kwambiri kuposa wogulayo. Anthu khumi akafika kuchipatala akusanza usiku umodzi, funso loyamba limakhala lakuti munadya chiyani, ndipo lachiwiri n'lakuti anaphika ndani. Ngati wophikayo ali m'kaundula, amapezeka tsiku lomwelo, zotsala zimaletsedwa, ndipo ena amene anagula amachenjezedwa asanadye. Ngati mulibe, amatsala ndi dzina la pa Facebook.

Chachiwiri ndi kapepala komata pa paketi. Pakhale dzina la wophika ndi mmene angapezekere, tsiku lophika, zonse zimene zalowamo, ndi mawu osabisa akuti chakudyachi chaphikidwa m'khitchini ya pakhomo. Ku California mawu amenewo ndi lamulo. Ena amaona ngati kapepalaka n'kongokongoletsa, koma kwa munthu amene zakudya zina zimamuwenga ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 2016 mtsikana wa zaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, anamwalira atadya buledi amene anagula pa bwalo la ndege la Heathrow. Mu bulediyo munali chitowe, ndipo pa paketi sanalembepo, chifukwa lamulo la nthawiyo silinkakakamiza kutero pa chakudya chopakidwira pamalo ogulitsira. Kuyambira pa 1 Okutobala 2021 lamulo la ku Britain linatseka mpata umenewo. Ku Ulaya kuli mndandanda wa zinthu 14 zoyenera kutchulidwa, monga mtedza, mkaka, mazira, nsomba, soya ndi tirigu. Ku America zilipo 9, chitowe chitawonjezeredwa mu 2023. Apa khitchini ya pakhomo ili ndi vuto lenileni limene sindikufuna kulichepetsa. Supuni imene yatakasa za mtedza m'mawa ndi yomweyo imene itakase keke masana, ndipo kwa anthu ena kachidutswa kosaoneka n'komwe n'kokwanira. Wophika woona mtima alembe kuti m'khitchini mwake mumalowanso mtedza, ndipo asalonjeze kuti chakudya chake chilibe chinthu chimene sangatsimikize.

Chinanso ndi maphunziro afupiafupi, a tsiku limodzi kapena maola ochepa, m'chinenero chimene wophikayo amamva. Si maphunziro a kaphikidwe, poti kumeneko ambiri angaphunzitse mphunzitsiyo. Ndi oti amve za maola awiri aja, za bolodi lodulira nyama yaiwisi kuti lisakhudze zakupsa, za kachipangizo koyezera kuzizira kwa firiji, komanso za lamulo lovuta kwambiri kwa munthu wodzilemba yekha ntchito, lakuti ukatsegula m'mimba kapena kusanza usaphikire anthu mpaka patatha maola 48 chisiyireni. Kulesitilanti wodwala amalowedwa m'malo ndi mnzake. Pakhomo palibe wolowa m'malo, oda ya ukwati yalipiridwa kale, ndipo chiyeso chongodzilimbitsa n'chachikulu. Palibe woyendera amene angagwire zimenezi. Chimene chingathandize n'chakuti wophikayo amvetse yekha chifukwa chake, ndipo samvetsa ngati lamulo linamuthamangitsira kumdima.

Alipo amene anapita patali kuposa pamenepa. Mu 2015 chigawo cha Wyoming chinakhazikitsa lamulo lolola kugulitsa pafupifupi chakudya chilichonse cha pakhomo, kupatulapo nyama zambiri, popanda chiphaso kapena kuyenderedwa, bola wogulayo auzidwe kuti chakudyacho sichinayenderedwe ndipo akugula mwachindunji. Ndikumvetsa mtima wake, koma apa ndikusiyana nawo. Kuuza munthu kuti khitchini siinayenderedwe si kumuuza kuti supu anagona pamtunda. Wogula angathe kuweruza kukoma, kaonekedwe ndi ulemu wa wogulitsa, koma sangaweruze pH ya m'botolo. Komanso wogula si yekhayo amene amadya. Mwana amene wapatsidwa mbale sanavomereze chilichonse.

Njira imene ndikuiona yanzeru pa chakudya chotentha ndi imene California anatsegula ndi lamulo lina mu 2018. Munthu angagulitse chakudya chenicheni cha nkhomaliro kapena chamadzulo kuchokera kunyumba, koma atenge chilolezo, khitchini iyenderedwe, mbale zisapitirire 30 pa tsiku, ndipo chakudya chiphikidwe ndi kuperekedwa tsiku lomwelo. Mfundo yomalizayi ndi imene yanyamula zonse. Ngozi zambiri zimene ndatchula zimabadwa pa kuziziritsa, kusunga ndi kutenthetsanso. Mukachotsa kugoneka chakudya, mwachotsa gawo lalikulu la ngoziyo osagula tailosi ngakhale imodzi. Chofooka cha lamulolo n'chakuti boma lililonse laling'ono m'chigawomo limasankha lokha kulitsatira kapena ayi, moti zimene zili zololedwa tsidya lino la malire n'zoletsedwa tsidya linalo, ngati kuti mabakiteriya amawerenga mapu.

Eni malesitilanti ndi mabekale ali ndi dandaulo limene liyenera kumvedwa. Iwo amalipira lendi, ziphaso, antchito ndi msonkho, kenako n'kuona makasitomala akupita kwa munthu amene salipira chilichonse mwa zimenezi. Pa msonkho akunena zoona, ndipo wopeza phindu alipire monga mwa phindu lake, kaya akuphikira kuti. Koma lamulo la ukhondo si chida chotetezera malonda a munthu. Ngati ziphaso za malesitilanti n'zodula mopanda chifukwa, zitsitsidwe, m'malo moti katunduyo asenzetsedwenso amene akungoyamba. Ndipo ambiri mwa mabekale amene lero ali ndi chikwangwani anayambira pa uvuni wa kunyumba. Malire ayenera kukhalapo ndithu, chifukwa imafika nthawi imene khitchini ya banja singathenso kunyamula malondawo, ndiponso anansi ayamba kutopa ndi magalimoto, utsi ndi zinyalala. Koma ndingakonde kuti malirewo aziyezedwa ndi kuchuluka kwa chakudya chophikidwa pa tsiku, osati ndi ndalama zimene munthu wapeza pa chaka monga zigawo zambiri zimachitira. Wopanga makeke a ukwati ochepa koma odula angapyole malire a ndalama asanadzaze firiji imodzi, pamene wogulitsa mbale zotchipa zambirimbiri angakhale pansi pa malirewo firiji yake ikulephera kutsekeka.

Chotsala ndi nkhani yovuta ya woyendera kulowa m'nyumba ya munthu. Khitchini ya pakhomo ndi malo a banja, muli mankhwala a agogo m'kabati ndi mbale za dzulo musinki. Amene wasankha kugulitsa chakudya chofuna firiji avomereze kuti mlendo wa boma adzalowa, koma lamulo linene momveka kumene mlendoyo akuloledwa kufika: pophikira, posungira zakudya, posambira m'manja ndi potayira zinyalala, osati kuchipinda. Linenenso zimene akukayang'ana, zolembedwa pa pepala limene wophikayo analiona kale, kuti pasakhale zongopeka pamalopo. Afunse ngati madzi ndi abwino, ngati ziweto ndi ana aang'ono amatuluka pa nthawi yophika za malonda, ngati zogulitsa zimasungidwa padera ndi za banja, ngati firiji ikuzizira mokwanira. Akapeza cholakwika koyamba, apereke masiku oti chikonzedwe n'kubweranso. Chindapusa ndi kutseka zisungidwire amene wachenjezedwa n'kunyozera, amene wanama pa kapepala ka pa paketi, kapena amene akugulitsa nyama ya m'mabotolo yowiritsidwa m'poto wamba atauzidwa kale kuopsa kwake.